Bokosi la a malume: kusaka mayina a ndege zakale

Sabata yoyamba

Bokosi lija a malume anandisiyira ndalitsitsa pamwamba pa kabati tsopano, litakhalapo miyezi yambirimbiri likungosonkhanitsa fumbi. Muli zithunzi 83 za ndege zakale. Zina ndi zotsukidwa kuchokera ku negativi, zina ndi mapositikhadi, zina anachita kudula m'magazini n'kumata pa kapepala kolimba. A malume sanayendetsepo ndege. Ankangokonda kutola, ndipo chilichonse chokhala ndi mapiko chinkalowa m'bokosimo. Kumbuyo kwa zithunzi pafupifupi 30 analembako dzina ndi pensulo. Zotsalazo kuli mbee.

Chomwe ndikufuna n'chakuti chithunzi chilichonse chikhale ndi dzina la mtundu wa ndege, ndipo pomwe zingatheke ndidziwenso kuti mwa ndege zonse za mtunduwo, yomwe inajambulidwayo ndi iti. Izi ndi ntchito ziwiri zosiyana. Kunena kuti "iyi ndi Tiger Moth" kuli ngati kunena kuti munthu uyu ndi wa fuko lakuti. Dzina lake lenileni umakalipeza kwina.

Masiku anayi apita ndi kusikana kokha. Chilichonse ndasikana kutsogolo ndi kumbuyo, n'kuchipatsa nambala. Zing'onozing'ono ndazisikana pa 1200 dpi chifukwa zilembo za pansi pa phiko nthawi zambiri zimakhala tinthu tosaoneka ndi maso. Ndatsegula tebulo pa kompyuta momwe ndikulemba zomwe ndikuona ndisanayambe kuganiza dzina: mapiko angati, ali pamwamba pa thupi kapena pansi, injini zingati, yozungulira kapena yamzere, miyendo imapinda kapena ayi, chipsepse cha kumchira n'chooneka bwanji. Ndadziikira lamulo loti zomwe a malume analemba kumbuyo ndiziwerenga pomaliza.

Sabata yachiwiri

Ndayamba ndi zamapiko awiri ophunzirira, poganiza kuti n'zophweka. Zilipo 11, ndipo 9 mwa izo a malume analemba kuti Tiger Moth.

De Havilland DH.82 Tiger Moth inauluka koyamba mu 1931, ndipo chizindikiro chake chachikulu ndi mapiko opendekera kumbuyo. Kupendekako kuli ndi chifukwa chake. Pa DH.60 Moth yomwe inatsogola, wokhala kutsogolo anali pansi penipeni pa phiko lapamwamba, pakati pa michirikizo ndi mawaya, moti kudumpha ndi parachuti kunali kovuta. Anasuntha pakati pa phikolo kupita kutsogolo kuti mphunzitsi athe kutuluka, kenako anapendeketsa mapiko onse kumbuyo kuti ndege isalemere mbali imodzi. Choncho ukaona mapiko owongoka, ndi DH.60. Ziwiri mwa 9 zija zatuluka pamenepo.

Chithunzi nambala 14 ndicho chandidyera madzulo athunthu. Mapiko ndi opendeka bwinobwino, kukula kwake n'komweko, koma china chake sichinkakhala. Nditakulitsa ndinaona kachitsulo kowonda kolumikiza phiko lapansi ndi lapamwamba chakumbuyo, pafupi ndi nsonga. Tiger Moth ili ndi ma aileron, tizigawo toyenda ta kumbuyo kwa phiko topendeketsera ndege m'mbali, pa mapiko apansi okha. Ndege iyi ili nawo pa mapiko onse anayi, ndipo kachitsulo kaja n'komwe kamawayendetsa limodzi. Ndi Stampe SV.4, ya kampani ya Stampe et Vertongen ya ku Antwerp, yomwe nkhondo yachiwiri itatha inapangidwanso yambiri ku France. Utangodziwa, umayamba kuona kuti ngakhale mchira ndi wina: wa Stampe ndi wozungulira, pomwe wa de Havilland uli ndi kakhotedwe kake komwe kampaniyo inkaika pa ndege zake pafupifupi zonse za nthawiyo, ngati siginecha.

Nambala 22 ndi 23 ndi achibale a Tiger Moth omwe ambiri sawadziwa. Yoyambayo ili ndi kachipinda ka okwera pakati pa injini ndi woyendetsa, woyendetsayo ali kumbuyo pamtetete. Imeneyo ndi DH.83 Fox Moth ya 1932, yomwe inabwereka mapiko ndi mchira kwa Tiger Moth. Inayo ndi yonenepa pamimba modabwitsa, ngati Tiger Moth yameza chinthu. Ndi Thruxton Jackaroo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ku bwalo la ndege la Thruxton ku England ankatenga ma Tiger Moth otsala ku usilikali, n'kukulitsa thupi kuti mukhale anthu anayi. Zinapangidwa zosakwana 30. Kunena zoona si ndege yokongola, koma ndasangalala kuipeza kuposa zina zonse za sabata ino.

Sabata yachitatu

Sindinagwire zambiri. Ndangomaliza zamapiko awiri ndi injini ziwiri za de Havilland, zomwe a malume anazilemba zonse zisanu kuti "Rapide".

Zitatu ndi Rapide ndithu, DH.89 ya 1934: mapiko osongoka ku nsonga, miyendo yovekedwa zophimba zolumikizana ndi injini ngati yavala thalauza. Imodzi ndi DH.84 Dragon ya 1932, yomwe mapiko ake sasongoka, amangothera mwabuntha. Yachisanu ndi yaing'ono, mphuno yake yosalala, ndipo pagalasi lakutsogolo pakuoneka mitu iwiri yogundizana. Mu Rapide ndi mu Dragon woyendetsa amakhala yekha kumphuno. Iyi ndi DH.90 Dragonfly ya 1935, ndege ya anthu olemera, yomwe inapangidwa yochepa kwambiri poyerekeza ndi ma Rapide oposa 700.

Sabata yachinayi

Ndalakwa, ndipo ndikulemba kuti ndisadzabwereze.

Chithunzi nambala 37 ndi ndege yomwe aliyense angati DC-3, ndege ya ku America ya injini ziwiri yonyamula anthu, yomwe khomo lake nthawi zambiri limakhala kumanzere. Koma khomo lili kudzanja lamanja la thupi. Mtima unadumpha. Soviet Union inagula chilolezo chopanga DC-3, n'kuisintha miyeso yonse kuchoka ku mainchesi kupita ku mamilimita, n'kuikamo injini zawo za Shvetsov. Poyamba ankaitcha PS-84, ndipo mu 1942 inakhala Li-2, kutengera dzina la injiniya Boris Lisunov. Zambiri mwa izo khomo la okwera lili kumanja. Ndinalemba "Li-2" m'tebulo, ndikudzitama kuti ndatulukira chachikulu.

M'mawa mwake ndinayang'ananso ndi mtima wozizira. Choyamba, khomo lakumanja lokha si umboni, chifukwa ma DC-3 ena oyambirira a ku America, monga omwe American Airlines inaitanitsa, analinso ndi khomo kumanja. Chachiwiri, khomo la pachithunzichi ndi lalikulu la zitseko ziwiri, la katundu. Chachitatu, ndipo apa mpamene ndinadzigwira pamutu, chakumbuyo kuli nyumba yosungiramo ndege yolembedwa zilembo padenga, ndipo zilembozo n'zotembenuka ngati ukuziwerenga pa kalilole. Wotsuka chithunzi anaika negativi chagada. Nditachitembenuza pa kompyuta, khomo linabwerera kumanzere, ndege n'kukhala C-47 wamba, yomwe ndi DC-3 ya asilikali, imodzi mwa zoposa 10,000 zomwe zinapangidwa ku America.

Ndabwerera ku zithunzi zonse 36 zomwe ndinadutsa kale, kufunafuna chilembo, wotchi, mabatani a malaya, chilichonse chondiuza ngati chithunzi chili koyenera. Ndapezanso chimodzi chotembenuka, koma dzina lake silinasinthe. M'tebulo ndawonjezera danga latsopano: "chatembenuka kapena ayi".

Sabata yachisanu

Sabata ino ndaithera pa zilembo za pathupi ndi pamapiko, chifukwa ndi zomwe zimakufikitsa pa ndege yeniyeniyo.

Kuyambira pa mgwirizano wa ku Paris wa 1919, ndege iliyonse yosakhala ya asilikali imanyamula chizindikiro cha dziko lake: G ya Britain, F ya France, D ya Germany, I ya Italy, N ya United States, ndipo pambuyo pake ena anapatsidwa zilembo ziwiri monga OO ya Belgium, PH ya Netherlands, OK ya Czechoslovakia. Chokoma n'chakuti zizindikirozi zinkasintha, choncho zimakuuzanso nyengo. Ndege za ku Australia zinkalembedwa G-AU mpaka cha mu 1929 pomwe zinasamukira ku VH. Za ku Canada zinachoka pa G-CA kupita pa CF nthawi yomweyo. Ku Germany D inkatsatiridwa ndi manambala mpaka 1934, kenako zilembo. Ku America, NC inkatanthauza ndege yovomerezeka kunyamula anthu, NX yoyeserera, NR yololedwa ntchito zina zokha. Ku Britain anayamba ndi G-EA, kenako G-EB, ndipo mu 1928 anayambiranso pa G-AAAA n'kumatsata alifabeti. Ukaona G-AC ukudziwa kuti uli cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, G-AF uli pafupi ndi nkhondo. Makaundula akale a ku Britain anasikanidwa ndipo amapezeka kudzera pa G-INFO, tsamba la pa intaneti la kaundula wa ndege za ku Britain, pomwe umaona ndi maso ako zomwe kalaliki analemba pamanja: mwini wake, tsiku, ndi nambala ya ku fakitale.

Nambala ya ku fakitaleyo ndi yomwe ili dzina lenileni la ndege. Zilembo zimasintha ikagulitsidwa kunja, ikalandidwa ndi asilikali, kapena mwini akangofuna. Chitsanzo chomwe chili m'bokosi momwemu ndi positikhadi ya Percival Mew Gull G-AEXF, yomwe Alex Henshaw anachoka nayo ku England kupita ku Cape Town n'kubwerera mu February 1939 m'masiku anayi ndi maola 10 ndi mphindi zochepa. Isanakhale G-AEXF, ndege yomweyo inali ZS-AHM ku South Africa. Munthu wosadziwa angawerenge ndege ziwiri.

Pa za asilikali pali msampha wina, wa filimu. Filimu yakale yotchedwa orthochromatic sinkaona mtundu wofiira, choncho chofiira chimatuluka chakuda bii, chachikasu chimadanso, pomwe chabuluu chimayera. Chizindikiro chozungulira cha Britain chili ndi chofiira pakati ndi buluu kunja. Cha France n'chosemphana: buluu pakati, chofiira kunja. Ndipotu a Britain anatengera kwa a France chakumapeto kwa 1914, n'kungotembenuza mitundu, ataona kuti mbendera yawo ikakhala patali asilikali apansi ankaiyesa mtanda wa Germany n'kumawombera anzawo. Tsono pa chithunzi chopanda mitundu, ukapanda kudziwa filimu yomwe inagwiritsidwa ntchito, ungapereke ndege ya Britain kwa a France. Nambala 45 ili ndi mkombero wakuda kunja kwa chizindikiro, womwe ndinkauyesa utoto wachilendo. Ndi mkombero wachikasu wamba womwe filimu inadetsa.

Sabata yachisanu ndi chimodzi

Apa ndi pomwe ntchito yandikomera kwambiri, choncho mundipirire, ndilemba motalikirapo.

Zainjini zitatu zilipo zinayi. Ziwiri sizinavute. Nambala 50 ili ndi phiko pansi, thupi lonse la mizeremizere ngati malata ofolera nyumba, ndi kaphiko kena kowonda kolendewera kumbuyo kwa phiko lalikulu: Junkers Ju 52, ngakhale ndalemba funso pambali chifukwa zinapangidwanso ku France monga AAC.1 Toucan ndi ku Spain monga CASA 352. Nambala 51 ndi yamalata nayonso koma phiko lili pamwamba, ndipo mawaya oyendetsera mchira akuoneka kunja kwa thupi: Ford Trimotor, yomwe inayamba mu 1926 ndipo zinapangidwa 199. Nambala 52 ndi yaing'ono, phiko pansi, injini zitatu zamzere zowonda osati zozungulira. Imeneyo ndi Spartan Cruiser ya ku Cowes pa Isle of Wight, ya 1932. Zinapangidwa zosakwana 20, ndipo chomwe chinatsala ndi chigawo cha thupi la imodzi, G-ACYK, chomwe chinakatengedwa paphiri ku Scotland patatha zaka zambiri itagwa mu 1938, ndipo chili ku National Museum of Flight ku East Fortune.

Ndiye pali nambala 53. Kumbuyo a malume analemba ndi zilembo zazikulu, n'kudula mzere pansi: "Southern Cross". Zikuoneka kuti chinali chuma chawo cha m'bokosimo. Southern Cross ndi Fokker ya injini zitatu yomwe Charles Kingsford Smith, Charles Ulm ndi anzawo awiri a ku America anawoloka nayo nyanja ya Pacific mu 1928, kuchokera ku Oakland mpaka ku Brisbane, kudzera ku Hawaii ndi Fiji. Mpaka lero ikusungidwa pafupi ndi bwalo la ndege la Brisbane.

Poyang'ana koyamba, zonse zikugwirizana. Phiko lochindikala lamatabwa lili pamwamba, lopanda michirikizo, thupi la nsalu yokutira mapaipi achitsulo, injini imodzi kumphuno, ziwiri zolendewera pansi pa phiko. Ndi kapangidwe ka Fokker kotheratu. Koma pathupi pakuwerengeka VH-UM, kenako chilembo chomaliza chabisika ndi bambo wina wovala chipewa yemwe waima pomwepo, manja m'thumba, osadziwa kuti patatha zaka pafupifupi 100 wina adzamudandaula. Southern Cross inali VH-USU. Chachinayi apa ndi M, osati S, ndipo ndachikulitsa mokwanira moti palibe chokayikitsa.

Zilembozi zinanditengera ku Avro 618 Ten. Mu 1928 kampani ya Avro ya ku Britain inagula chilolezo chopanga Fokker F.VIIb/3m, n'kuikamo injini za Armstrong Siddeley Lynx. Dzina lakuti Ten linachokera pa anthu omwe inkanyamula, okwera 8 ndi oyendetsa awiri. Zinapangidwa 14 zokha, ndipo zisanu zinapita ku Australian National Airways, kampani yomwe Kingsford Smith ndi Ulm omwewo anayambitsa. Zonse anazipatsa mayina oyamba ndi Southern: VH-UMF Southern Cloud, VH-UMG Southern Star, VH-UMH Southern Sky, VH-UMI Southern Moon, ndi VH-UNA Southern Sun. Tsono a malume sanasochere patali. Mwina wowagulitsa anawauza "Southern" chakutichakuti, iwo n'kumalizitsa ndi dzina lomwe aliyense amalidziwa.

Zotsala zinali zinayi: F, G, H kapena I. Ndivomere kuti mtima unkafuna F. Southern Cloud inasowa pa 21 March 1931 ikuchokera ku Sydney kupita ku Melbourne, mu mphepo yoopsa, ndi anthu 8, ndipo zotsalira zake zinapezeka mwangozi mu 1958 ku Snowy Mountains ndi munthu wogwira ntchito kumeneko. Chithunzi cha ndege imeneyo chikanakhala chinthu. Koma nditaphunzira pa Li-2 ija, ndinadziuza kuti chomwe mtima ukufuna ndi chomwe ndiyenera kuchikayikira kwambiri.

Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinasikananso kachigawo kokhako pa 2400 dpi, n'kuwonjezera kusiyana kwa kuwala ndi mdima. Mutu ndi chipewa cha bambo uja zabisa pakati pa chilembo, koma pamwamba pa chipewa pakutuluka timizere tiwiri toimirira, totalikirana, popanda mzere wopingasa wozilumikiza. F ikanaonetsa mzere wopingasa pamwamba. G ikanakhota. I ikanakhala kamzere kamodzi. Timizere tiwiri toima ndi H. Ndalemba: Avro 618 Ten, VH-UMH, Southern Sky. Zolemba za a malume sindinafufute. Ndangoika kapepala kanga m'kathumba komwe ndasungiramo chithunzicho.

Sabata yachisanu ndi chiwiri

Yadutsa mwachangu. Zankhondo zambiri ndi zodziwika, ndipo m'masiku awiri ndamaliza 15. Ziwiri zokha ndi zoyenera kulemba.

Nambala 61 ili ndi mitanda ya Germany ndipo thupi ndi la Messerschmitt Bf 109, koma mphuno si yake. Injini ya Daimler-Benz ya mu 109 inali yozondoka, choncho mapaipi otulutsa utsi amakhala m'munsi mwa mphuno. Apa ali pamwamba, pansi pali chibwano chachikulu, ndipo pulopela ili ndi masamba anayi. Ndi Hispano HA-1112 Buchón ya ku Spain, thupi la 109 lokhala ndi injini ya Rolls-Royce Merlin, yomwe inagwira ntchito mpaka 1965. Spain sinaiulutse ndi mitanda ya Germany. Utoto umenewo inavekedwa ndi opanga mafilimu, kutanthauza kuti chithunzichi si cha nthawi ya nkhondo, n'cha zaka zambiri pambuyo pake.

Nambala 64 ndi ndege yotera pamadzi yamapiko awiri, a malume analemba Walrus. Pa Supermarine Walrus pulopela imakhala kumbuyo kwa injini, kukankha. Apa ili kutsogolo, ikukoka. Ndi mng'ono wake, Sea Otter.

Sabata yachisanu ndi chitatu

Nambala 70 ndinaiika pambali kuyambira tsiku loyamba chifukwa sindinkadziwa poyambira. Thupi ndi lotambalala ngati bwato lophwathalala, injini ziwiri zagundizana kutsogolo kwa thupilo osati pamapiko, ndipo kumbuyo kukutuluka mitanda iwiri yonyamula mchira. Kumbuyo kwa chithunzi kulibe kanthu.

Kwa masiku angapo ndinkafufuza pakati pa ndege zamichira iwiri, osapeza. Safunsa anadya phula: ndinatumiza chithunzicho kwa mkulu wina yemwe anagwirapo ntchito yokonza ndege zakale, ndipo yankho lake linali mawu amodzi, "Burnelli". Vuto linali lakuti ndinkayang'ana mchira, pomwe nkhani yonse ili pa thupi. Vincent Burnelli, wa ku America, anakhala moyo wake wonse akulimbikira ganizo limodzi, lakuti thupi la ndege lisamangokhala katundu wonyamulidwa ndi mapiko, koma liumbidwe ngati phiko lenilenilo kuti nalonso lizinyamula. Ukayang'ana chithunzichi cham'mbali, thupilo ndi phikodi: lokhuthala kutsogolo, lopyapyala kumbuyo. Injini kukhala pafupi kunkathandiza kuti imodzi ikazima ndege isapotokere mbali kwambiri.

Za kaonekedwe aka zilipo zitatu: UB-14 ya m'zaka za m'ma 1930 ku America, CBY-3 Loadmaster yomwe Canadian Car and Foundry inapanga mu 1945, yomwe tsopano ili ku New England Air Museum ku Connecticut, ndi Cunliffe-Owen OA-1, yopangidwa ku Southampton mwa chilolezo, ya injini za Bristol Perseus, yomwe inauluka kumayambiriro kwa 1939. Pansi pa phiko la pachithunzi changa, mumthunzi, pakuoneka G ndi kamzere, kenako AF. Ya mtundu umenewu yopangidwa ku Britain inali imodzi yokha, G-AFMB. Pa nkhondo inaperekedwa kwa asilikali a Free French, a ku France omwe anapitiriza kumenyana ndi Germany, ndipo woyendetsa ndege wotchuka Jim Mollison ndi yemwe anaiulutsa kukaisiya ku Africa mu 1941. Ndi chithunzi chokhacho m'bokosi lonse chomwe kudziwa mtundu kwandipatsa ndege yeniyeniyo nthawi yomweyo.

Sindikugwirizana ndi anthu amene amati Burnelli anachitiridwa chiwembu basi ndipo ndege zonse zikanayenera kuoneka chonchi. Thupi lophwathalala ndi lovuta kulipopera mpweya poyerekeza ndi lozungulira ngati paipi, ndipo ndege zonyamula anthu zitayamba kuuluka m'mwamba kwambiri, nkhani ya mpweyayo inakhala yaikulu. Komabe ndikayang'ana chithunzichi ndimamvetsa chifukwa chake munthu angataye moyo wonse pa ganizo limeneli.

Sabata yachisanu ndi chinayi

Momwe zilili: pa zithunzi 83, mtundu wadziwika pa 78. Mwa izo, 31 ndafika pa ndege yeniyeniyo. Pa mayina 30 omwe a malume analemba, 19 ndi olondola, ndipo olakwikawo pafupifupi onse ndi achibale a ndege yomwe anatchula. Kwa munthu amene analibe sikana kapena intaneti, ankangodalira maso ndi zomwe wamva, sindingawaseke. Zisanu zotsala ndi zowonongeka kwambiri. Chimodzi chikungoonetsa tayala ndi mchirikizo, wojambulayo anali ndi chidwi ndi mayi yemwe waima kutsogolo.

Chomwe chili patebulo panopa ndi nambala 79. Mtundu wake sunanditengere ngakhale mphindi imodzi: ndi Pou-du-Ciel, HM.14 ya Henri Mignet wa ku France, yomwe a ku Britain ankaitcha Flying Flea. Kandege kakang'ono ngati bokosi la matabwa, phiko limodzi kutsogolo pamwamba pa mutu wa woyendetsa, lina kumbuyo kwake m'munsi pang'ono. Kalibe ma aileron. Ukakoka ndodo, phiko lonse lakutsogolo limapendeka, ukaikankhira m'mbali imatembenuza tsigiro lalikulu la kumchira. Mignet anafalitsa malangizo a kapangidwe kake mu 1934, ndipo anthu mazanamazana ku France ndi ku Britain anayamba kukhoma tindegeti m'magalaja ndi m'zipinda. Kenako anthu anayamba kufa nato. Mayeso a mu 1936, ku Farnborough ku England ndi ku Chalais-Meudon ku France, anaonetsa kuti kakaloza mphuno pansi kupitirira mlingo wina, mpweya wochoka ku phiko lakutsogolo unkawonjezera mphamvu ya phiko lakumbuyo, kotero kukoka ndodo sikunkathanso kukadzutsa. Maboma analetsa, ndipo tambiri tinathera m'mashedi tisanaulukepo.

Apa ndiye pali vuto langa. Popeza aliyense ankapanga kake, palibe tiwiri tofanana, ndipo tambiri sitinalembedwe m'kaundula. Aka kalibe chilembo chooneka mbali yomwe kanajambulidwa. Chokhacho chomwe ndagwira ndi injini. Ambiri ankaika injini za njinga zamoto kapena zazing'ono zozizira ndi mphepo, monga Scott, Douglas kapena Aubier-Dunne. Aka kali ndi rediyeta, ndipo kuseri kwake kukuoneka injini ya masilinda anayi amzere umodzi. Imeneyo ikuloza ku Carden-Ford, injini ya galimoto ya Ford 10 yomwe inasinthidwa kuti iziulutsa ndege, ndipo tokhala ndi injini imeneyo sitinali tambiri. Kodziwika kwambiri ndi G-ADMH ka Stephen Appleby, koma ndadziletsa kulemba dzinalo m'tebulo mpaka nditaona umboni.

Sabata yamawa ndiyamba kutsegula makaundula a G-AD ndi G-AE tsamba ndi tsamba, kulemba kalikonse kolembedwa kuti Pou-du-Ciel, kenako kufananitsa malo a rediyeta ndi kaimidwe ka michirikizo ya phiko ndi zithunzi za m'magazini ya Flight ya 1935 ndi 1936. Kumbuyo kwa kandegeka kuli mpanda wa matabwa ndi chikwangwani chomwe theka lake labisika ndi phiko. Ndachisikana kale pa 2400 dpi, ndipo chilembo choyamba chikuoneka ngati H.